Mmene Mungayang'anirire Madzi Apansi pa Nthaka M'dera la Mgodi

Ntchito yoyeza madzi apansi pa nthaka iyenera kuyamba mgodi usanatsegulidwe, chifukwa miyala ina imatulutsa yokha zinthu zowononga thanzi monga arsenic, fluoride kapena uranium, ndipo popanda zotsatira zakale n'kovuta kutsimikiza kuti vuto labwera ndi mgodiwo. Yezani kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, kuti mudziwe mmene madziwo amakhalira m'nyengo ya mvula ndi m'nyengo yopanda mvula. Ngati kukumba kunayamba kale, dalirani chitsime chimene chili kumtunda kwa njira ya madziwo, kumene zonyansa za mgodi sizifika.

Kuti mudziwe kumene madzi akulowera, mufunika zitsime zosachepera zitatu zosakhala pamzere umodzi, ndipo muyeze pamene madzi alekezera m'chitsime chilichonse. Musangoganiza kuti madzi apansi amatsatira kutsetsereka kwa nthaka, pakuti m'miyala yong'ambika amadutsa m'ming'alu, ndiponso mapampu amene amapopa madzi mumgodi amakokera madzi a dera lonselo kudzenjelo. Zitsime zambiri zikhale kumunsi kwa milu ya miyala yotayidwa ndi kwa damu losungira zotsalira za mgodi, ndipo zitsime zimene anthu amamwako zikhalenso pamndandanda.

Vuto lalikulu m'migodi yambiri ya golide, mkuwa ndi malasha limachokera ku mwala wotchedwa pyrite. Mwalawu ukafukulidwa n'kukumana ndi mpweya ndi madzi umapanga asidi wa sulphuric, ndipo asidiyo amasungunula ayironi, manganese, zinki, cadmium ndi mtovu. Madzi oterowo akatulukira kunja amasiya matope achikasu ofiirira ngati dzimbiri, koma ali m'chitsime angaoneke oyera mbee. Sulphate, mchere wochokera ku asidiyo, ndi amene kawirikawiri amafika msanga pachitsime, pamene zitsulo zimatsalira m'mbuyo pogwidwa ndi dothi, choncho kukwera kwake ndi chenjezo loyamba limene siliyenera kunyalanyazidwa ngakhale pH (muyezo wa asidi m'madzi, umene umatsika asidi akachuluka) asanasinthe. Dziwaninso kuti arsenic amayenda bwinobwino m'madzi opanda asidi. Pa zinthu zoyenera kuyeza onjezani nitrate ngati amgodi akuphulitsa miyala ndi mabomba, cyanide ngati akuyenga golide, komanso mercury kumene anthu amakumba golide pamanja.

Pakatengedwe ka madzi ndi pamene ntchito yambiri imawonongekera. Yambani mwayeza pamene madzi alekezera musanayatse pampu. Kenako popani madzi amene anangokhala mupaipi, pafupifupi katatu kuchuluka kwa amene amakhala m'chitsimemo, kapena mpaka pH, kutentha ndi conductivity (mmene magetsi amadutsira m'madziwo) zitasiya kusinthasintha. Zitatuzi muziyezere pachitsime pomwepo, chifukwa madzi akangokhudzana ndi mpweya amayamba kusintha. Madzi oyezera zitsulo zosungunuka asefedwe ndi sefa ya timabowo ting'onoting'ono ta ma micrometre 0.45, kenako muthiremo asidi wa nitric mpaka pH atatsika pansi pa 2. Oyezera cyanide amafuna zosiyana kwambiri, ndiye kuti sodium hydroxide wokweza pH kufika pa 12 kapena kupitirira, ndipo asidi asawakhudze n'komwe popeza amatulutsa mpweya wakupha. Lembani pabotolo lililonse dzina la chitsime, tsiku ndi nthawi, muwasunge m'bokosi lozizira pafupifupi madigiri 4, ndipo aliyense wowalandira asainire. Ndi nzeru kutumiza mabotolo awiri a chitsime chimodzi okhala ndi mayina osiyana, pamodzi ndi lina la madzi oyeretsedwa, kuti muone ngati labotale ikuyeza molondola. Sankhani labotale yovomerezeka pa muyezo wapadziko lonse wa malabotale wotchedwa ISO/IEC 17025.

Zotsatira zikabwera, ziyerekezeni ndi malamulo a dziko lanu komanso malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, amene amaika malire a mamiligalamu 0.01 pa lita kwa arsenic ndi mtovu, 0.003 kwa cadmium, 0.03 kwa uranium ndi 50 kwa nitrate. Komabe kuyeza kamodzi sikunena zambiri. Bwerezani pa miyezi itatu iliyonse, kapena mwezi ndi mwezi pafupi ndi damu, n'kumajambula zotsatirazo pa galafu, chifukwa sulphate amene akukwera pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri ndi wodetsa nkhawa kuposa nambala imodzi yokwera mwadzidzidzi, imene iyenera kuyezedwanso isanakhulupiriridwe. Malire akadutsidwa m'chitsime chimene anthu amamwako, adziwitseni msanga ndipo muwauze kuti kuwiritsa madzi sikuchotsa zitsulo.

Kuyezaku kusathe mgodi ukatsekedwa. Mapampu akazimitsidwa madzi amakweranso n'kudzaza makwalala a mumgodi odzala ndi pyrite, monga zinachitikira kumadzulo kwa Johannesburg, kumene madzi a asidi ochokera m'migodi yakale ya golide anayamba kusefukira pamtunda mu 2002. N'chifukwa chake ndalama zoyezera madzi m'zaka za pambuyo pa kutsekako ziyenera kulembedwa m'mgwirizano kampani isanayambe kukumba.