Mmene mungasankhire pulani kapena bokosi la ndege yanu yoyamba

Munthu amene akuyamba luso lopanga tindege amakopeka msanga ndi chithunzi cha pabokosi la tizidutswa tolumikiza kuti upange kandege, ndipo kawirikawiri chithunzicho chimakhala cha ndege yankhondo monga Spitfire kapena Mustang. Langizo langa ndi lakuti ndege yoyamba muisankhe poona ngati mungaimalize ndiponso ngati ingachite zimene mukuyembekezera, chifukwa mabokosi ambiri amathera pamwamba pa kabati phiko limodzi litamatidwa, linalo lisanakhudzidwe n'komwe.

Yambani mwadzifunsa ngati mukufuna ndege yongoika pashelefu kapena youluka, popeza izi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Zapashelefu zimakhala zapulasitiki, ndipo kampani ya Airfix ya ku Britain ndiyo yodziwika kwambiri pa zimenezi. Ngati mumakondadi Spitfire, mbali imeneyi ndiyo yanu. Sankhani ya sikelo ya 1/72, kutanthauza kuti sentimita imodzi ikuimira masentimita 72 a ndege yeniyeni, choncho mapiko otalika mamita 11 amafupika kufika pafupifupi masentimita 15. Airfix imalemba pabokosi nambala yoyambira 1 mpaka 4 yosonyeza kuvuta kwa ntchitoyo. Tengani ya 1, makamaka ija yotchedwa Starter Set, imene imabwera ndi guluu, penti ndi burashi momwemo.

Ndege youluka imafuna kuisankha mosamala kwambiri. Yambani ndi yoponya ndi dzanja yopanda injini, kenako yoyendera mphira yopota imene imazunguza pulopela. Njira ya mphirayi ndi yakale: m'chaka cha 1871 Alphonse Pénaud anaulutsa kandege kotere mumzinda wa Paris, ndipo kanayenda mamita 40 m'masekondi 11. Mwa ndege zophunzirira, ine ndimaika patsogolo Delta Dart, yoyendera mphira, imene Frank Ehling wa ku America anakonzera ana, chifukwa timitengo take mumangotimata papepala la pulani lomwelo, guluu akauma mumadula m'mbali, ndipo pepalalo limasanduka chophimba cha mapiko. Kampani ya Guillow's, imene inayamba mu 1926, ili ndi tindege tosavuta ta matabwa opyapyala, koma mabokosi ake a ndege zankhondo ali ndi tizidutswa tambirimbiri ndipo kuti ndegezo ziuluke bwino pamafunika munthu wozolowera, choncho muwasungire m'tsogolo.

Mukatambasula pulani patebulo, yang'anani phiko musanayang'ane china chilichonse. Likhale pamwamba pa thupi la ndege monga lilili la ndege yaing'ono ya ku America yotchedwa Piper Cub, ndipo mukaliyang'ana chakutsogolo nsonga zake ziwiri zikhale zokwera pang'ono ngati chilembo cha V chotambasuka kwambiri. Kukwera kumeneku ndi kumene kumapulumutsa wophunzira, pakuti ndege ikapendekeka n'kuyamba kutsetserekera mbali imodzi, phiko la m'munsi limagwira mpweya wambiri kuposa linzake, n'kuiwongola yokha popanda woiyendetsa. Spitfire ili ndi phiko la pansi pa thupi, lobulungira ngati tsamba, ndipo nthiti iliyonse ya m'kati mwake ili ndi msinkhu wakewake. Phiko lowongoka la m'lifupi mofanana lili ndi nthiti zofanana zonse, moti mumadula imodzi mosamala n'kuigwiritsa ntchito ngati chikombole cha zinzake. Thupi likhale kamtengo kamodzi kapena la mbali zinayi ngati bokosi, mchira ukhale waukulu ndi wotalikirana ndi phiko, ndipo mapiko akhale a masentimita 40 mpaka 60, chifukwa kandege kochepa kwambiri sikalekerera cholakwika ngakhale chaching'ono.

Pulani yabwino imasonyezanso malo amene kulemera kwa ndege kumakumanira, ndipo chizindikiro chake ndi kamuvi kapena kabwalo kogawidwa panayi, mbali ziwiri zakuda ndi ziwiri zoyera. Pa ndege zambiri zosavuta malowa amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa phiko, kuwerengera kuchokera kutsogolo. Mumaika nsonga za zala ziwiri pansi pa mapiko pamalopo: mchira ukagwa mumamata kadongo kumphuno mpaka ndegeyo itakhazikika. Pulani yopanda chizindikiro chimenechi muisiye kaye, ngakhale itakhala yaulere.

Mapulani akale zikwizikwi amapezeka kwaulere pa intaneti, makamaka pa Outerzone, koma posindikiza muuze wa pakompyuta kuti asachepetse tsambalo kuti likwane papepala la A4. Lituluke pa 100%, ngakhale zitafunika mapepala anayi olumikiza ndi selotepi, kenako muyeze ndi rula kutalika kwa phiko n'kuyerekeza ndi nambala yolembedwa. Ambiri mwa mapulaniwa amawerengera mainchi, ndipo thabwa lochindikala 1/16 ya inchi ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka.

Nkhani ya zipangizo ndiyo imatikhudza kwambiri ife a kuno. Pafupifupi mapulani onse akale amafuna balsa, mtengo wopepuka kwambiri umene wambiri umachokera ku Ecuador, ndipo m'masitolo athu wamba sapezeka. Musanakonde pulani, werengani mndandanda wa zipangizo zake n'kuona ngati mungazipeze. Ngati mukuitanitsa bokosi kunja, sankhani lija lodulidwa ndi laser, chifukwa zidutswa za mabokosi akale odinda ndi makina nthawi zina zimaphwanyika m'mbali. Ngati kuitanitsa sikutheka, mapulani a kampani ya ku America ya Flite Test amagwiritsa ntchito foam board (thabwa lopepuka la pulasitiki wathovu, lokutidwa ndi pepala mbali zonse ziwiri), ndipo ndege yawo ya Tiny Trainer mungayambe kuiulutsa yopanda injini, n'kudzaiikira mota ndi wailesi yoyendetsera mukazolowera. Pa foam musathire supagulu wamba chifukwa amaisungunula. Guluu wotentha kapena woyera wa akalipentala ndiye woyenera. Amene anakula akupanga zidole za mapesi akudziwa kale kupepuka kwa m'kati mwa phesi, ndipo nsungwi yoseteka bwino ingalowe m'malo mwa timitengo tina ta m'mbali mwa phiko, bola ikhale yopyapyala ndithu chifukwa ndi yolemera kuposa balsa. Mphira ya chubu cha njinga, ija ya legeni, siitambasuka mokwanira kuti izunguze pulopela kwa nthawi, choncho ndege yamphira muigule ndi mphira yake.

Ganiziraninso kumene mukaulutsire. Delta Dart ndi yopepuka moti kamphepo kochepa kamaitenga, ndipo imafuna holo kapena bwalo la mpira m'mamawa kukadali bata. Ngati kwanu mwera umaomba tsiku lonse m'miyezi ya Juni ndi Julayi, sankhani ndege yoponya ya foam yolimbirapo, ndipo muiyesere pamwamba pa udzu wautali, mutayang'ana kumene mphepo ikuchokera, mphuno itaweramira pansi pang'ono.