Mpope wa mfuti ukatsekeka: zoyang'ana musanaombe ndi mutaomba

Chipolopolo cha .308 Winchester chikaphulika m'mfuti, mpweya wa wonga umakankha ndi mphamvu yofika pa 4,150 bar (muyeso wa kukankha kwa mpweya), malinga ndi malire a CIP, bungwe la mayiko angapo loika malamulo oyesera mfuti ndi zipolopolo. Cha .375 H&H, chimene alenje a nyama zikuluzikulu amadalira, chimafika pa 4,300 bar. M'mayiko a bungweli, mfuti yatsopano isanagulitsidwe amaiyesa ndi zipolopolo zoposa malirewa ndi 25 peresenti. Mpata umenewo anausiyira tsiku la ngozi, si woti muziudya tsiku ndi tsiku.

Mfuti za bawuti (chitsulo chokoka ndi dzanja chimene chimatsekera chipolopolo kumbuyo kwa mpope) zimasiyana kulimba. Mauser ya 1898 ili ndi mano awiri kutsogolo kwa bawuti, lachitatu kumbuyo lodikira ngati awiriwo athyoka, komanso mabowo otulutsira mpweya kuti usabwerere kumaso. Lee-Enfield ya .303 imatsekera kumbuyo, choncho bawuti imapindika pang'ono ndipo zigoba za zipolopolo, mmene mumakhala wonga, zimatamuka msanga. P.O. Ackley, mmisiri wa mfuti wa ku America, atayesa mfuti zankhondo mwadala mpaka kuziwononga, Arisaka ya ku Japan ndiyo inapirira kwambiri. Komabe musatengeke nazo. Choyamba kugonja nthawi zambiri ndi chigoba cha mkuwa, osati chitsulo. Chigobacho chikang'ambika kumunsi, mpweya wotentha ndi tizidutswa ta mkuwa zimafuna potulukira, ndipo diso lanu lili pomwepo. Magalasi oteteza maso muzivala ngakhale poyeserera.

Nanga mpope ukatsekeka? Apa kulimba kwa bawuti sikuthandiza kwenikweni. Chipolopolo cha .308 chimathamanga mamita oposa 800 pa sekondi. Chikagunda chotchinga chimaima mwadzidzidzi, mpweya wa kumbuyo kwake n'kuunjikana pamalo amodzi. Mpope umatupa pamenepo, kapena umang'ambika m'litali ngati khoko la nthochi, pafupi ndi dzanja lamanzere logwirizira mfuti.

Kuno ku Tete zotseka mpope n'zodziwika. Nyengo ya dzinja ku Angónia ndi ku Tsangano munthu amaterereka, kamwa ya mfuti n'kulowa m'matope. Kugombe la Cahora Bassa ndi mchenga ndi madzi. Koma chonyenga kwambiri ndi mavu omanga ndi dothi: mfuti ikaimikidwa pakona milungu ingapo, amamata chisa m'kati mwa mpope, kunja osaoneka kanthu. Ena amatseka kamwa ndi kansanza kapena kamtengo poopa fumbi, n'kuiwala. Lekani zimenezo. Matani tepi ya magetsi kamodzi kunja kwa kamwa, chifukwa mpweya wotsogola chipolopolo umaichotsa yokha.

Musanatuluke, lozetsani mfuti kopanda anthu, chotsani magazini, tsegulani bawuti, muone ndi diso ndiponso mukhudze ndi chala kuti m'chipinda (malo okhala chipolopolo kumbuyo kwa mpope) mulibe chipolopolo. Solorani bawuti yonse, muyang'ane mpope kuchokera kumbuyo mutaulozetsa kowala. Muziona bwalo loyera lathunthu ndi mizere yake. Pa AKM, mfuti yankhondo ya mtundu wa AK-47, simungaone bwino kuchokera kumbuyo, choncho mukatsimikiza kuti mulibe kanthu, lowetsani ndodo yotsukira mpaka nsonga yake ionekere m'chipinda. Pukutani mafuta onse. Chigoba chimayenera kugwira khoma la chipinda pophulika, ndipo pakakhala mafuta chimatereka, katundu yense n'kugwera mano a bawuti. Mukagwa m'tchire, bwerezani zonsezi ngakhale nyama ikuthawa.

Mukaomba n'kumva kaphokoso kofooka, mfuti osakankha paphewa, musaikenso chipolopolo china. Kawirikawiri chipolopolo chatsakamira m'njira chifukwa wonga unanyowa kapena unachepa. Ikangoti "tche" osalira, khalani mutailozetsa kutsogolo masekondi 30, chifukwa wonga wakale umachedwa kuyaka. Kenako tsegulani muyang'ane mpope. Chotsakamira sachichotsa poombera china. Pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti akachigogode ndi ndodo ya mkuwa.

Chigoba chotuluka chimanena zambiri, muzichitola. Bawuti ikamalimba potsegula, kabatani koyatsira wonga kakaphwatalala kapena kubooka, pansi pa chigoba pakaoneka chipsera chonyezimira, mphamvu yapyola. Mzere wowala wozungulira chigoba pafupi ndi kumunsi umasonyeza kuti chatsala pang'ono kuduka, ndipo mmisiri ayeze mpata wa pakati pa bawuti ndi chipinda. Kutentha kumawonjezera vutoli. M'chigwa cha Zambezi mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, ndipo zipolopolo zosiyidwa padzuwa m'galimoto zimaphulika mwamphamvu kuposa zosungidwa pamthunzi.

Werengani nambala yodindidwa pampope, muiyerekeze ndi ya pansi pa chigoba. Cha 8x57 chikhoza kulowa m'chipinda cha .30-06, koma mutu wake ndi wa mamilimita 8.2 pomwe mpope ndi wa 7.8. Pa mfuti za shotigani, cha geji 20, chomwe ndi chaching'ono, chikalowa m'mfuti ya geji 12 chimatsetserekera m'kati, cha 12 n'kukwana pambuyo pake ngati palibe vuto. Wonga wa m'zipolopolo zamakono usalowe m'gogodela ngakhale pang'ono, chitsulo chake sichingaupirire.

Mfuti imene yaombedwa ili yotsekeka isagwirenso ntchito mmisiri asanaione. Yendetsani zala m'litali mwa mpope kufuna potupa, muyang'anenso m'kati ngati muli mphete yakuda. Mukaipeza, mpopewo ndi wosintha.