Momwe mungasonkhanitsire zimbale zakale za jazz zotulutsidwanso popanda kuwononga ndalama

Nyimbo za jazz zimene osonkhanitsa amazisakasaka kwambiri zinajambulidwa ku America pakati pa 1925 ndi 1970. Mbale (vinyl) zoyambirira za nthawi imeneyo, makamaka za kampani ya Blue Note, mtengo wake lero ndi woboola m'thumba, n'chifukwa chake ambiri amagula zimbale zotulutsidwanso. Koma chimbale chimodzi chikhoza kukhala chinatulutsidwa kambirimbiri ndi makampani osiyanasiyana, chikuto chofanana, kamvekedwe kosiyana kutalitali. Choncho musanapise dzanja m'thumba, funsani mafunso awiri: mawuwa awatenga kuti, nanga anawakonza ndani? Zina zonse zimabwera pambuyo.

Yambani ndi malo ochepa

Sankhani woimba mmodzi kapena kampani imodzi, muidziwe bwino. Makampani amene muziwaona kawirikawiri ndi Blue Note, imene Alfred Lion anayambitsa mu 1939 ku New York, Prestige ya mu 1949, Riverside ya mu 1953, Verve ya mu 1956 ndi Impulse! ya mu 1960, kuphatikizapo Columbia ndi Atlantic. Zimbale zambiri za Blue Note, Prestige ndi Impulse! anazijambula munthu mmodzi, Rudy Van Gelder, poyamba pabalaza pa nyumba ya makolo ake ku Hackensack, kenako kuyambira 1959 mu situdiyo yake ya ku Englewood Cliffs. Khutu likazolowera kamvekedwe kake, mumayamba kuzindikira msanga chimbale chimene achikonza mwachinyengo.

Chimbale chilichonse chimvetsereni kaye pa intaneti katatu kapena kanayi. Chimene chakutopetsani pa foni sichidzakoma chifukwa choti mwachigula modula.

Ngati mtima wanu uli pa jazz ya ku South Africa, njira yake ndi yomweyi. Zimbale zimene Abdullah Ibrahim anajambula m'zaka za m'ma 1970 ku kampani ya As-Shams ya ku Johannesburg zakhala zikutulutsidwanso, ndipo n'zosavuta kuzipeza kudzera mwa wachibale amene ali kumeneko.

CD kapena mbale?

Woyamba kumene ayambe ndi CD. Ndi zotsika mtengo, zopepuka potumiza, sizipindika msanga ndi kutentha, ndipo nthawi zambiri zimakhala ndi nyimbo zoonjezera zimene sizinakwane pa mbale. Ma CD a mndandanda wa Original Jazz Classics, amene ali ndi nyimbo za Prestige, Riverside ndi Contemporary, amamveka bwino ndipo ogwiritsidwa kale ntchito ndi ambiri. Ku Blue Note mupeza mitundu iwiri: akale amene anakonza Ron McMaster kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi a RVG Edition amene anayamba mu 1999, okonzedwanso ndi Van Gelder mwini wake. A RVG amamveka okwera ndi akuthwa, ena amati mopitirira. A McMaster ndi ofatsa. Ngati masipika anu ali kale ndi mawu akuthwa, tengani a McMaster.

Mbale ndi za munthu amene ali ndi makina abwino oimbira ndi malo ozizira osungira. Musanyengedwe ndi chizindikiro cha 180g pachikuto: chimangonena kulemera kwa mbaleyo, sichinena kanthu za mawu. Za 45 rpm (zozungulira maulendo 45 pa mphindi), zimene chimbale chimodzi amachigawa pa mbale ziwiri, zimamveka bwino ndithu, koma muzidzuka kukatembenuza pakatha mphindi 10 zilizonse.

Fufuzani kumene mawu achokera

Apa ndiye pagona nkhani. Chimbale chotulutsidwanso bwino chimachokera pa tepi yoyambirira imene kampani yeniyeni imasunga. Tembenuzani chikuto muwerenge tizilembo ta m'munsi. Payenera kukhala dzina la mwini nyimbozo lero: Universal kwa Blue Note, Verve ndi Impulse!, Concord kapena Craft Recordings kwa Prestige ndi Riverside, Sony kwa Columbia. Payeneranso kukhala dzina la katswiri amene anakonza mawuwo. Mwachitsanzo, mbale za mndandanda wa Tone Poet, umene Blue Note inayamba mu 2019 pansi pa Joe Harley, mawu ake amawakonza Kevin Gray kuchokera pa tepi, n'kuzidinda ku fakitale ya RTI ku America. Za Blue Note Classic Vinyl amazikonzanso Gray yemweyo koma amazidinda ku fakitale ya Optimal ku Germany ndi chikuto wamba, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Kwa amene ndalama zake n'zowerengeka, zimenezi ndiye zogula. Verve ili ndi mndandanda wake wa Acoustic Sounds kuyambira 2020.

Tsono pali gulu lina la zimbale zimene zimasokoneza anthu. Ku Ulaya, nyimbo zimene zinatuluka chisanafike chaka cha 1963 zilibenso umwini wa kampani yojambula, chifukwa lamulo limene linaonjezera zaka za umwini kuchoka pa 50 kufika pa 70 mu 2013 silinabwerere m'mbuyo. Ndiye aliyense kumeneko akhoza kudinda chimbale cha mu 1959 popanda kuphwanya lamulo, koma tepi yoyambirira alibe. Ambiri amangokopera pa CD imene ilipo kale. Mungazizindikire motere: chizindikiro cha kampani yoyambirira palibe, chithunzi cha pachikuto ndi china kapena n'chosaoneka bwino, dzina la wokonza mawu palibe, ndipo mtengo ndi wotsika modabwitsa. Mabokosi a zimbale zisanu ndi zitatu pa ma CD anayi nthawi zambiri amakhala a gulu limeneli. Kuti mungodziwa nyimbo, alibe vuto. Koma kugula mbale yotere pa mtengo wa mbale ndi kulipira kawiri chinthu chimene CD yeniyeni ikanakupatsani bwino.

Nkhani ya tepi yoyambirirayi imasintha pa nyimbo zakale kwambiri. Tepi inayamba kugwiritsidwa ntchito m'masitudiyo a ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, choncho nyimbo za Louis Armstrong ndi magulu ake a Hot Five ndi Hot Seven, za pakati pa 1925 ndi 1928, zimachokera pa mbale za 78 rpm kapena pa zitsulo zodindira. Pamenepa chofunika ndi luso la wokopera. Bokosi la kampani ya JSP limene anakonza John R. T. Davies limalemekezedwa ngakhale kuti si la kampani yoyambirira. Pa nyimbo zotere musathawe kaphokoso ka mbale. Wokonza akachotsa phokoso lonse amachotsanso mpweya wa lipenga ndi kulira kwa zitsulo za ng'oma, nyimbo n'kumamveka ngati gulu likuimba m'chipinda china chitseko chili chotseka.

Zina ziwiri zoti muone. Ngati pachikuto palembedwa kuti mawu a mono awasandutsa stereo ndi makina, chisiyeni. Zotere zinachuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo zimamveka zopanda pakati. Chachiwiri, chaka chimene chimbale chinatulutsidwanso chili ndi ntchito. Pojambula Kind of Blue ya Miles Davis pa 2 March 1959, makina amodzi a tepi ankayenda mochedwerapo, kotero nyimbo zitatu za mbali yoyamba zinkamveka zokwera pang'ono pa zimbale za stereo mpaka anakonza mu 1992. Woimba lipenga amene akufuna kutsatira nyimbozo ndi chida chake agule zotuluka pambuyo pa chakacho.

Bokosi ligulidwe liti, limvetseredwe bwanji

Bokosi ndi la woimba amene mwamukonda kale, amene muli ndi zimbale zake ziwiri kapena zitatu ndipo mukufuna zonse. Musanagule, lembani nyimbo zimene muli nazo mufananize ndi za m'bokosimo, kuti musagule zomwezo kawiri. Onaninso mmene azisanjira. Ena amatsata zimbale monga zinatulukira. Ena amatsata masiku ojambulira, ndi maulendo onse amene nyimbo inabwerezedwa. Mtundu wachiwiriwu ndi wophunzirira. Pa zimene Charlie Parker anajambula ku makampani a Savoy ndi Dial mumva nyimbo imodzi kanayi motsatizana, ina yodukira panjira, ndipo mlendo amene mwamuitana kudzamvetsera sachedwa kutsanzika.

Mabokosi ang'onoang'ono a nthawi imodzi ndiwo abwino kuyambira. Miles Davis ndi gulu lake la anthu asanu anajambula nyimbo zokwana zimbale zinayi m'masiku awiri okha, pa 11 May ndi pa 26 October 1956, ndipo zonse zimapezeka m'bokosi limodzi la Prestige. Bill Evans, Scott LaFaro ndi Paul Motian anajambulidwa akuimba ku kalabu ya Village Vanguard ku New York pa 25 June 1961, ndipo tsiku lonselo lili pa ma CD atatu, mpaka kulira kwa matambula ndi macheza a anthu zikumveka. LaFaro anamwalira pangozi ya galimoto pasanathe milungu iwiri.

Apamwamba kwambiri ndi a Mosaic Records, kampani imene Michael Cuscuna ndi Charlie Lourie anayambitsa ndipo inatulutsa bokosi lake loyamba, la Thelonious Monk, mu 1983. Amadinda ochepa, bokosi lililonse ndi nambala yake, ndipo akatha sadindanso. Kabuku kake kamakhala kakakulu ngati chikuto cha mbale, kofotokoza tsiku lililonse lojambula. Bokosi la Mosaic lopanda kabuku musalipire mtengo wonse.

Pomvetsera, tengani tsiku limodzi lojambulira pa nthawi imodzi, mphindi 40 kapena 50, kabuku kali m'manja kuti mudziwe amene akuimba chida chilichonse. Ulendo woyamba dumphani zobwerezedwa. Mudzazibwerere nyimboyo mutailoweza, pamene mungathe kumva chimene woimba anasintha.

Kugula zogwiritsidwa kale ntchito ndi kuitanitsa kunja

Pa Discogs, webusaiti yogulira ndi kugulitsira zimbale, chimbale chilichonse chili ndi tsamba la mtundu uliwonse umene unatuluka. Fananizani nambala ya chimbale, barcode, ndiponso zilembo zozokotedwa pa mbale pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala lapakati. Pa mbale zakale za Van Gelder pamakhala RVG kapena VAN GELDER. Ogulitsa amalemba mmene mbale ilili ndi zilembo M, NM, VG+, VG ndi G, kuyambira yabwino kwambiri kutsika m'munsi. Pa jazz ya piyano, imene ili ndi malo ambiri achete, musatsike pansi pa VG+. Pa bokosi funsani ngati ma CD onse ndi kabuku zilipo, mupemphe zithunzi. Mabokosi ena a m'ma 1980 ankaikamo siponji, imene ikakalamba imanyenyeka n'kumatirira pa CD mpaka kuiwononga. Mukaipeza itayeni tsiku lomwelo.

Werengerani mtengo wonse: katundu, kutumiza, ndi msonkho wa MRA akafika. Pa mbale imodzi, kutumiza kumaposa mtengo wa mbaleyo kawirikawiri, ndiye ndi bwino kusonkhanitsa zingapo kwa wogulitsa mmodzi, kapena kuzitumiza kwa wachibale wa ku UK kapena ku South Africa adzabwere nazo m'chikwama cha m'manja. Uzani wogulitsa atulutse mbale m'chikuto aiike pambali pake m'katoni yolimba, apo ayi imang'amba m'mphepete mwa chikuto ikamagwedezeka panjira.

Makina ndi magetsi

Magetsi athu ndi 230V pa 50Hz, a ku America ndi 120V pa 60Hz. Makina oimbira mbale a ku America akhoza kupsa mukangowalumikiza, ndipo ngakhale mutaika thiransifoma, amene mota yake imatsata magetsi a pakhoma amazungulira maulendo pafupifupi 28 pa mphindi m'malo mwa 33⅓. A ku UK ndi ku South Africa alibe vutoli. Ikaninso chotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo akazima zulani pulagi.

Ampulifaya ikhale ndi polowera polembedwa Phono. Ngati palibe, gulani kabokosi ka phono preamp, chifukwa popanda iko mawu amakhala otsika ndi opanda besi. Mukamva kung'ung'udza, mangani kawaya ka ground. Singano ipanikize monga wopanga ananenera, mwachitsanzo magalamu 2 pa singano ya mtundu wa AT-VM95E, ndipo yezani ndi kasikelo, osati ndi maso. Timakina totchipa tooneka ngati sutikesi timapanikiza kwambiri, musaikepo mbale yodula.

Kusunga

Mbale ziimirire, zisagone mulu, zisatsamire, ndipo zikhale kutali ndi windo ndi denga la malata. Kuisiya m'galimoto yotseka masana a October ndi kuitaya. Shelefu italikire pansi ndi khoma chifukwa cha chiswe ndi chinyezi cha dzinja, chimene chimabweretsa chuku pa zikuto. Mphemvu nazo zimadya guluu. Ikani timapaketi ta silica gel m'mabokosi. Majumbo okhuthala a PVC kukatentha amatulutsa mpweya umene umachititsa mbale chifunga chosachoka, ndiye gwiritsani ntchito a polyethylene.

Musanaimbe, pukutani ndi burashi ya carbon fibre. Yakuda kwambiri itsukeni ndi madzi osungunula aja othira m'batire ya galimoto, osati asidi wake, muthiremo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi pa lita, mupukute motsata mizere ndi kansalu ka microfibre osanyowetsa pepala lapakati, mutsukuluze, iume ili chiimire. Madzi a pampopi amasiya mchere m'mizere. Pa mbale za 78 rpm musayandikize sipiriti, imazisungunula. CD imapukutidwa kuchokera pakati kupita kunja, ndipo mbali yolembedwa ndi imene imaopsa ikakalika, chifukwa nyimbo zili pansi pake penipeni. Bokosi likangofika, koperani ma CD onse pa kompyuta mu FLAC, mtundu wa fayilo umene sutaya mawu, ndi pulogalamu ngati Exact Audio Copy. CD imodzi imatenga pafupifupi 300 MB, ndipo pulogalamuyo ikuuzani ngati ina ili ndi vuto nthawi yodandaula kwa wogulitsa isanathe.