Wi-Fi ya 5 GHz ikamasowasowa, onani kaye ngati si radar

Ntchito yanga ndi yoika netiweki m'maofesi ndi m'malo ogona alendo. Dandaulo lomwe ndimamva kawirikawiri ndi loti Wi-Fi ya 5 GHz imangozima mwadzidzidzi, kenako n'kubwerera yokha. Musathamangire kugula rauta ina (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi).

Mbali ina ya 5 GHz eni ake ndi ma radar, makamaka a zanyengo ndi a asilikali. Wi-Fi inaloledwa kulowamo mu 2003 pa msonkhano wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, koma ngati wobwereka munda: mwini akafika, umachoka osanyinyirika. Lamuloli amalitcha DFS, ndipo limakhudza matchanelo 52 mpaka 64, komanso 100 mpaka 140. Rauta isanayambe kugwira ntchito pa tchanelo chotere, imayamba yamvetsera kwa masekondi 60. Ku Ulaya, pa 120, 124 ndi 128 imadikira mphindi 10 zathunthu, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali ma radar a zanyengo. Ikamva radar ili mkati mogwira ntchito, iyenera kusamuka pasanathe masekondi 10, ndipo tchanelocho siichikhudzanso kwa mphindi 30. Kuzima mukuona kuja ndi kumeneko.

Tsegulani log ya rauta, momwe imalembamo zonse zochitika. Pa rauta za mtundu wa MikroTik mupeza mzere ngati "radar detected on 5500000". Mukauona, sankhani nokha tchanelo pakati pa 36 ndi 48, musasiye pa auto.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa kukula kwa tchanelo. Mukaika 80 MHz kuyambira pa 36, mumathera pa 48, ndinu otetezeka. Koma mukaika 160 MHz, mumafika mpaka pa 64, ndiye mwalowanso m'dera la radar ngakhale mwalemba 36. Muofesi wamba 80 MHz ikukwanira, ndipo ngati marauta a anansi achuluka, ine ndimatsitsira pa 40 MHz.

Nthawi zina rauta imanamizidwa ndi phokoso la zipangizo zina n'kuganiza kuti ndi radar. Pamenepo ikani firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) yatsopano.

Chimene sindilola ndi kusankha dziko lina mu rauta kuti DFS izime, makamaka pa madishi a Wi-Fi apanja olumikiza nyumba ziwiri. Dishi yotero imajambula mizere yabodza pa mapu a radar, mvula yeniyeni n'kubisika. Ikani dziko lomwe muli, ndipo za madishi apanja funsani kaye bungwe loyang'anira za mauthenga: a MACRA ku Malawi, kapena a ICASA ngati muli ku South Africa.