Mpira ndi ROTC: musanasamuke koleji kuno ku America

Mwana wa mchemwali wanga, wobadwira kuno ku Indiana, amasewera mpira wamiyendo pakoleji komanso ali mu Army ROTC, maphunziro a usilikali ochitikira pakoleji amene mwana akawamaliza amavala nyota ya second lieutenant. Tsiku lina anandiimbira: "Malume, kochi wa sukulu ina akundifuna, ndilowe mu portal mawa?" Ndinati ayi, faifi kaye. Zimene tinachita ndi izi.

Yambani ndi asilikali, osati kochi. Anyamata ambiri amathamangira kulembetsa dzina mu transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamuka koleji amene NCAA (bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji) inayambitsa mu 2018, chifukwa masiku ano munthu amasamuka n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo bola magiredi ali bwino. Koma dzina likangolowa, mu Division I, gawo lapamwamba la NCAA, sukulu yanu ili ndi ufulu wodula thandizo la mpira teremu ikatha. Ndipo sikolashipu ya ROTC sikutsatani yokha ngati chikwama. Pamafunika mkulu wa ROTC wa komwe muli, amene amamutcha Professor of Military Science, avomere, wa komwe mukupita avomerenso, kenako likulu la ROTC lotchedwa Cadet Command. Ngati munasaina kale kontrakiti ndipo mukulandira madola 420 amene ROTC imapereka pamwezi, musasunthe phazi musanaone chilolezo cholembedwa.

Funsaninso ngati sukulu yatsopanoyo ili ndi ROTC pakampasi pomwepo. Zina zimangotumiza ana awo ku sukulu yoyandikana nayo. Papepala zimaoneka zazing'ono. Koma PT, masewera olimbitsa thupi a ROTC, imayamba cha m'ma 6 koloko m'mawa, katatu pa sabata, ndiye taganizani kudzuka 4:30 mu Januwale, kupala chipale pagalasi la galimoto, kuyendetsa mphindi 40, kubwerera m'kalasi, masana n'kukathamanganso kwa kochi. Mnyamata wathu anakana sukulu ina pa chifukwa chokhachi, ndipo ine ndinamuombera m'manja.

Pepala limene linatidyera nthawi ndi fomu 104-R. Pamenepo mumalemba kosi iliyonse, teremu ndi teremu, mpaka tsiku lomaliza digiri, ndipo mlangizi wa maphunziro amasaina. Posamuka makirediti ena amatayika. Kwa ife anakana makosi awiri, zimene zikanakankhira digiri kutsogolo ndi teremu yathunthu, ndipo asilikali sakonda kusuntha tsiku lopatsa nyota. Ku mpira nakonso kuli muyezo wake: mu Division I muyenera kukhala mutamaliza 40 peresenti ya digiri polowa chaka chachitatu, 60 polowa chachinayi. Choncho pemphani sukulu yatsopano iwerengeretu makirediti anu musanalonjeze kanthu.

Kenako khalani pansi ndi kalendala. NCAA imati maola 20 pa sabata nthawi ya ligi, koma maulendo a basi sawerengedwa m'menemo. ROTC ili ndi leadership lab (maphunziro oyeserera za usilikali ndi utsogoleri) sabata iliyonse ndi kukagona kutchire kumapeto a sabata kamodzi pa teremu. Chachikulu ndi Advanced Camp, kampu ya maphunziro a usilikali ku Fort Knox, Kentucky, yoposa mwezi, pakati pa chaka chachitatu ndi chachinayi. Wa mpira wamiyendo amayamba kukonzekera ligi mu Ogasiti, ndiye pemphani msanga kuti akuikeni m'gulu lopita kumayambiriro.

Kochi akamakufunani amavomera chilichonse pafoni. Musakhutire ndi "tidzaona". Ife tinapempha kuti kochi ndi mkulu wa ROTC alankhulane okha, atilembere pa imelo: masiku ati mnyamata akhululukidwa PT, ndipo gemu ikagundana ndi za kutchire apita kuti. Kochi wina sanayankhe n'komwe. Amene anayankha, tsiku lomwelo, anali wa Division III, kumene kulibe sikolashipu ya mpira, koma fizi inali kale m'manja mwa ROTC. Mnyamata anapita kumeneko, ndipo dzina mu portal analilowetsa chilolezo cha asilikali chitafika.