Mukalandira kalata yoti mulipire chithunzi cha pa webusaiti yanu

Ambiri a ife kuno ku Joni tili ndi timabizinesi: saluni ku Yeoville, utelala ku Rosettenville, magalimoto onyamula katundu kupita kumudzi. Potsegula webusaiti, timangotola chithunzi chokongola pa Google n'kuchiika. Kenako tsiku lina imelo imafika, yonena kuti chithunzicho chili ndi mwini wake ndipo mulipire ndalama mwakuti pasanathe masiku mwakuti. Makampani monga PicRights ndi Copytrack amalemba makalata otere m'malo mwa ojambula kapena mabungwe a nkhani monga AFP ndi Reuters. Musalipire chifukwa cha mantha, komanso musangokhala chete.

Choyamba, tsimikizani kuti kalatayo ndi yeniyeni. Akuba nawonso amalemba zofanana. Musadine linki iliyonse; fufuzani nokha dzina la kampaniyo ndipo onani ngati adiresi ya imeloyo ikugwirizana nayo.

Kenako jambulani tsamba pamene pali chithunzicho, lembani tsiku lomwe munachiika, ndiye muchichotse, ngakhale mufoda ya zithunzi ya webusaitiyo ndi pa Facebook. Kuchotsa sikufafaniza mlandu, koma kumaletsa kuti ukule.

Funsani amene anakupangirani webusaiti komwe anatenga chithunzicho. Ngati chinagulidwa, lisiti ndi laisensi zingathe kutseka nkhani yonse.

Tsopano yankhani, mwaulemu ndi mwachidule, osavomera kulakwa. Pemphani umboni woti amene akumuimirayo ndiyedi mwini chithunzi, kalata yowapatsa mphamvu zotolera ndalama, ndi momwe awerengera mtengowo. Apa mpamene ndimafuna anthu akwathu alimbe mtima, chifukwa lamulo la South Africa, Copyright Act ya 1978, lili ndi mfundo zokuthandizani. Nzoona kuti chithunzi chimatetezedwa ngakhale mwini wake sanachilembetse kulikonse, kwa zaka 50, ndipo kunena kuti "ndinachipeza pa Google" sikupulumutsa munthu. Koma gawo 24 limati mwini angafune ndalama zomwe wataya, kapena mtengo woyenera umene munthu akanalipira pogula laisensi. Choncho pitani mukaone kuti chithunzi chomwecho chimagulitsidwa bwanji kwa kabizinesi kakang'ono ngati kanu, ndipo mtengo umenewo ukhale poyambira kunenerera. Dziwaninso kuti ngati munalemba ganyu wojambula n'kumulipira, gawo 21 limati chithunzicho n'chanu, pokhapokha mutagwirizana zina.

Nenererani monga timachitira pamsika. Auzeni kukula kwa bizinesi yanu ndi nthawi imene chithunzicho chinakhalapo. Mukagwirizana, musatumize ngakhale randi imodzi musanalandire chikalata chonena kuti malipirowo atseka nkhani yonse ya chithunzicho.

Kalata ya kampani si chisamani cha kukhoti. Koma chisamani chenicheni chikafika, muli ndi masiku 10 ogwira ntchito a khoti oti mudziwitse kuti mudziteteza, apo ayi chigamulo chingaperekedwe inu kulibe. Pamenepo pezani loya msanga. Ngati thumba lapepuka, kafunseni ku Wits Law Clinic ku Braamfontein kapena ku ProBono.Org, mabungwe othandiza anthu ovutika pa zamalamulo mwaulere.

Mukatero, yendani tsamba ndi tsamba pa webusaiti yanu, n'kuyesa chithunzi chilichonse pa Google Lens kapena TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira komwe chithunzi chimapezeka. Chomwe simukudziwa gwero lake, chotsani. Zithunzi za pa mawebusaiti a Unsplash ndi Pexels n'zaulere, za pa Wikimedia Commons zambiri zimafuna mutchule wojambula. Ine ndimakonda chithunzi cha tsitsi lomwe mwaluka nokha, chojambula ndi foni yanu, kasitomala atavomera.