Ulendo wa pabasi wopita ku Joni: momwe mungakonzekere ngati muli ndi mphumu kapena ziwengo

Basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg imayenda makilomita oposa 1,600, kudutsa pa Mwanza, ku Tete, pa Nyamapanda, ku Harare mpaka pa Beitbridge. Mizere ya paboda ikatalika, ulendowu umadya masiku awiri. Munthu wabwinobwino amangofika atatopa ndi kutupa mapazi. Koma wa mphumu, kapena amene mtedza, nsomba, mazira kapena mankhwala ena amamuwenga, akhoza kudwalira pakati pa tchire la dziko la eni, komwe sadziwa chipatala ngakhale chilankhulo. Kukonzekera kwake kumayambira kunyumba.

1. Pitani kuchipatala kudakali sabata ziwiri

Tengani buku lanu la kuchipatala, muwauze adokotala kuti muli ndi ulendo komanso kuti mukakhalitsa bwanji. Apempheni alembe patsamba loyamba, m'zilembo zikuluzikulu, chilichonse chomwe chimakuwengani. Ngati ndi mankhwala, alembe dzina lake lenileni. Ife tinazolowera kuti Bactrim, koma dzina lomwe dokotala wa dziko lililonse angalizindikire ndi cotrimoxazole. Fansidar, amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo, ndi wa gulu lomweli la sulfa, choncho amene Bactrim anam'tulutsapo zidzolo kapena zilonda m'kamwa anene msanga. Chimodzimodzi penicillin ndi amoxicillin, ndi pachibale.

Pemphani mankhwala okwanira masiku onse ndi ena apadera, komanso kalata yonena kuti ndi anu. Amene ali pa ma ARV, shuga kapena BP asachite manyazi kufotokoza za ulendowo.

2. Mankhwala akhale pathupi panu, osati m'ngolo

Anthu ambiri amalakwitsa apa. Tsiku lonyamuka chikwama chachikulu chimatengedwa ndi anyamata opakira, n'kukachiponya m'ngolo yakumbuyo, pamwamba pake n'kusanjikapo matumba a mpunga, ufa ndi usipa wa anthu ena. Ndinaonapo mayi wina akubanika usiku titadutsa Tete, inhela yake (kachipangizo kopopera mankhwala a mphumu m'kamwa) ili pansi pa katundu yense uja. Basi inaima, anthu anatsitsa matumba mumdima ndi tochi za pafoni, mayiyo ali kakasi m'mbali mwa msewu. Anapulumuka, koma chifukwa cha mnyamata wina amene anatulutsa yake m'thumba la jekete.

Pezani kachikwama kakang'ono kokoleka m'khosi kapena m'chiuno. Mmenemo muike pasipoti, buku la kuchipatala, inhela ya buluu ya salbutamol, ya tsiku ndi tsiku ngati munapatsidwa, ndi mapiritsi a ziwengo. Inhela ya buluu ikhale iwiri. Yatsopano nthawi zambiri imapopa maulendo 200, koma yakale imanyenga: mukaigwedeza imamveka ngati muli kanthu pomwe mankhwala anatha kale. Musaisiye pawindo padzuwa, makamaka ku Tete komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40.

Pa mapiritsi, Piriton amagoneka tulo. Pabasi si vuto kwenikweni, koma ngati muli ndi mwana pamiyendo ndi ndalama m'thumba pa Beitbridge, cetirizine kapena loratadine ndi abwinoko. Mutu ukawawa imwani Panado. Aspirin, Brufen ndi diclofenac amadzutsa mphumu mwa anthu ena.

Ngati mukuyenda ndi mwana wa mphumu, konzani botolo lapulasitiki la 500 ml. Boolani pansi pake bowo loti kukamwa kwa inhela kulowe mothina, mwanayo azikoka mpweya kukamwa kwa botolo. Madokotala a ana ku Cape Town anayesa njira imeneyi, ndipo mu 1999 anapeza kuti botolo limafikitsa mankhwala m'mapapo pafupifupi mofanana ndi chipangizo chogula chogwira ntchito yomweyi.

3. Lembani kapepala

Pakapepala kolimba lembani m'Chingerezi dzina lanu, chomwe chimakuwengani, mankhwala omwe mumamwa, ndi nambala ya m'bale wa kumudzi komanso ya amene akukulandirani. Onjezerani mawu ochepa a m'mayiko odutsamo. Mtedza m'Chipwitikizi ndi amendoim, m'Chishona ndi nzungu, ndipo chiponde ndi dovi. Kapepalako kakhale mkati mwa pasipoti, chifukwa munthu akakomoka anthu amayamba kufufuza mmenemo.

4. Nyamulani kamba wanu

Amene mtedza umamuwenga amadziwa kale kuti ndiwo zotendera ndi futali si zake. Msampha uli poti anzathu nawonso amatendera. Ku Mozambique kuli matapa, chigwada chophika ndi nsinjiro ndi kokonati, nthawi zina amaikamo nkhanu. Ku Zimbabwe dovi amathira m'masamba, mu mpunga, ngakhale m'nyama yowumitsa. Zokazinga za pamsewu nazo n'zokayikitsa, chifukwa chiwaya chomwe chakazinga nsomba m'mawa ndi chomwecho chikukazinga tchipisi masana, mafuta osasintha.

Ndiye phikani zanu. Nkhuku ndi mpunga zidyedwe tsiku loyamba lomwelo zisanasase. Za tsiku lachiwiri zikhale zouma kapena zosenda nokha: buledi, mbatata yowotcha, nthochi, malalanje. Madzi akhale a m'botolo lomata. Ambiri amadzimana madzi poopa kuimitsa basi, koma kukhosi kouma kumautsa chifuwa. Imwani pang'onopang'ono, ndipo basi ikaima paliponse tsikani muwongole miyendo.

Vuto lina ndi ulemu wathu womwewu. Mayi wokhala naye mpando atsegula kontena n'kunena kuti "tiyeni tidye, achimwene," ndipo kukana kumaoneka ngati kunyada. Musazungulire. Nenani kuti, "Zikomo mayi, koma mtedza umandiwenga, ndikhoza kugonekedwa nawo." Palibe amene amakwiya ndi yankho lotere.

5. Sankhani mpando

Kumbuyo kwenikweni kuli fungo la chimbudzi, mankhwala otsukira ndi utsi wa injini. Wa mphumu apemphe mpando wa kutsogolo kapena pakati pogula tikiti. Tengani masiki kapena kansalu kotchinga mphuno chifukwa cha fumbi ndi utsi wa mathiraki oima paboda, komanso juzi, popeza mpweya wozizira wa m'basi usiku umatseka chifuwa.

6. Uzani munthu mmodzi, ndipo dziwani pomwe masewera athera

Basi isanatuluke m'tauni, muuzeni kondakitala kapena woyandikana naye za vuto lanu, mumuonetse pomwe pali mankhwala.

Mphumu ikayamba, khalani tsonga, musagone. Popani inhela ya buluu kamodzi, pumani, dikirani theka la mphindi kapena mphindi imodzi, popaninso, mpaka maulendo 10 ngati pakufunika. Ngati simukutha kumaliza chiganizo osapumira, kapena milomo yasintha mtundu, basi ilunjike kuchipatala chapafupi, anthu adandaule asadandaule.

Ziwengo zili pawiri. Kuyabwa ndi zidzolo pakhungu pokha, piritsi limathandiza. Koma lilime kapena milomo ikatupa, mawu akasasa, kumeza kukavuta, kupuma kukamalira kapena munthu akachita chizungulire atangodya, Piriton sangamupulumutse. Mankhwala ake ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Mugonekeni chagada, miyendo ikwezedwe. Ngati akubanika kwambiri akhale pansi motsamira, koma asaimirire kapena kuyenda. Amene zoterezi zinam'chitikirapo afunse adokotala za jakisoni woyenda naye monga EpiPen. Ndi wodula ndipo kwathu kuno sapezeka wamba, koma funsani ndithu. Ngakhale munthu atabayidwa n'kutsitsimuka, apite kuchipatala, chifukwa vutoli limatha kubwereranso patapita maola angapo.

Mukawoloka Limpopo kulowa mu South Africa, nambala ya ambulansi ndi 10177, kapena 112 pafoni ya m'manja.

7. Mukafika

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka chisanu kuyera paudzu, mpweya ndi wouma, ndipo utsi wa malasha, parafini ndi tchire lopsa umadzaza m'makomboni. Kuyambira Seputembala mitengo ndi udzu zimatulutsa mungu woyetsemulitsa. Musasiye inhela ya tsiku ndi tsiku chifukwa choti mukumva bwino, ndipo musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka.

M'masitolo werengani mapaketi. Lamulo la ku South Africa la 2010 limakakamiza opanga zakudya kulemba ngati muli mtedza, mazira, mkaka, nsomba, nkhanu, soya kapena tirigu.

Thupi likatentha patapita sabata kapena kuposerapo, musangoti ndi chimfine cha nyengo. Ku Joni kulibe malungo, choncho anamwino sangafulumire kuwaganizira. Auzeni nokha kuti mwachokera ku Malawi kudzera ku Tete, ndipo mupemphe akuyezeni magazi tsiku lomwelo.